Kuchekenira maluwa usiku tulo tikathawa

Zokambirana pa gulu la WhatsApp la banki m'khonde ina ku Kasungu boma, mwezi wa Okutobala

LACHIWIRI

Mayi a Tadala, 9:42 usiku
Amayi ndi abambo, pepani ndalemba usiku, komanso si za masheya kapena ngongole ayi. Ambiri mukudziwa kuti mayi anga tidawaika mu Juni kwathu ku Santhe. Chiyambire pamenepo tulo tidandithawa. Ndimagona bwinobwino, koma 1 koloko ikangokwana, maso gwa. Mutu umayamba kuwerengetsera: ndikadawatengera kuchipatala msanga, ndikadagulitsa mashini imodzi, ndikadapita Loweruka lija m'malo modikira Lolemba. Kumacha ndili chiganizire. Masana pa mashini ndimasoka mokhota, mpaka kasitomala wina adandibwezera diresi ya mwana wake.

Mwana wa achemwali anga, Chikondi amene ali pa gulu pano, adabwera ndi mapepala ojambulidwa maluwa ndi masamba, opanda mtundu, pakati pake pali mawu achizungu olimbikitsa. Adati, azakhali, tulo tikasowa musamatsegule foni, tengani chekeni wa Tadala muzichekenira izi. Poyamba ndidangowaika pansi pa matiresi. Sabata yatha ndidadzuka usiku mtima ukugunda ngati ndathamanga, ndidayatsa katochi kasola n'kuyamba duwa limodzi. Sindidalimalize, ndidagonera pamphasa pomwepo. Tsopano ndachita usiku usanu. Chisoni sichidathe, koma mutu umakhala chete kwa kanthawi. Ndiye ndimati ndifunse ngati alipo wina adayesapo. Ndipo mawu achizunguwo sakundilowa mumtima, ndikadakonda a Chichewa.

Mayi Nabanda, 9:51 usiku
Pepani kwambiri mayi a Tadala. Sindimadziwa kuti zikukuvutani choncho, pajatu pa msonkhano mumaoneka olimba. Mulungu akutonthozeni.

Chikondi, 9:55 usiku
Azakhali zikomo ponena poyera. Kuno ku Lilongwe timachita izi ku hositelo nthawi ya mayeso. Zithunzi zake zilipo zaulere pa intaneti, umangopanga dawunilodi n'kukaprintitsa. Kumaiko a azungu mabuku ochekenira a akuluakulu adagulidwa kwambiri cha m'ma 2015, anthu ogwira ntchito m'maofesi ndi amene amawalimbirana.

Bambo Mwale a ku Chulu, 10:20 usiku
Mayi a Tadala, za maliro pepani, ndidalipo ndipo ndidaona momwe mudasenzera zonse nokha. Koma ndilankhule mosabisa. Chekeni ndi wa ana a ku mkombaphala. Munthu wamkulu chimene chimamusowetsa tulo chimadziwika: fetereza, fizi, ngongole, matenda. Ine panopa ndikudzuka 4 koloko kukathirira nazale ya fodya, ndipo sindikudziwa kuti matumba a fetereza ndiwapeza bwanji mvula isanagwe. Ndikachekenira duwa, mtengo wa thumba utsika? Ndikuopa kuti tingayambe kuphimba bala ndi nsalu yokongola, mkati mafinya ali tho.

Mayi a Tadala, 10:26 usiku
Bambo Mwale, sindikuti pepala libweza mayi anga. Ndikuti ndagona. Ndipo nditagona ndasoka zowongoka.

Anesi Nachisale, 10:48 usiku
Ndili pa ntchito ya usiku, koma mpata wapezeka pang'ono ndiye ndiyankhe. Bambo Mwale mukunena zoona kuti pepala silichotsa gwero la vuto. Koma pali chinthu china chimene timachiona kwa odwala tsiku ndi tsiku. Munthu amabwera akuti mutu, mtima ukuthamanga, msana ndi mapewa zauma, m'mimba mukuotcha. Tiyeza malungo, palibe. Magazi okwanira. Ukamufunsa modekha, amati "ndikuganiza kwambiri". Kuganiza kumeneku si kuja kofuna njira ayi, ndi kozungulira pamodzimodzi ngati mbuzi yapachingwe. Nkhani ndi yomweyo, mafunso omwewo, yankho palibe, ndipo thupi limakhala lokonzeka kuthawa ngati kwabwera chilombo.

Ntchito ya manja yobwerezabwereza, yofuna maso koma yosalemetsa mutu, imadula chingwe chimenechi kwa kanthawi. Ukamalondola kamzere kuti chekeni asatulukire kunja, mutu sungathenso kuwerengetsera ngongole ndi mphamvu zomwe zija. Kupuma kumatsika, mapewa amagwa. Foni imachita zosiyana: kuwala kwake kumachedwetsa tulo, ndipo pa Facebook ukapeza maliro ena kapena anzako akuonetsa nyumba zatsopano, mtima umakweranso.

Zimenezi adaziyesapo. Mu 2005 ku America, Nancy Curry ndi Tim Kasser adatenga ophunzira 84, n'kuwauza alembe kaye za nthawi imene adachitapo mantha kwambiri kuti nkhawa idzuke. Kenaka kwa mphindi 20 ena adachekenira zozungulira zija amati mandala, ena mizere yopingasana ngati ya nsalu ya sikochi, ena adapatsidwa pepala loyera kuti ajambule zomwe akufuna. Nkhawa idatsika kwambiri kwa amene adali ndi mizere yoti atsatire kusiyana ndi a pepala loyera aja. Adali ophunzira athanzi, osati odwala, ndipo adayeza za nthawi yomweyo basi. Ndiye tisakuze: ndi chopumitsira mtima, si mankhwala.

Mayi Nabanda, 10:57 usiku
Anesi, mandala ake ati? Ovala m'maso?

Aphunzitsi Kamanga, 11:10 usiku
Ayi mayi, mawu angofanana. Mandala athu ovala m'maso ndi amene adapereka dzina kwa mzungu wina wa kampani ya African Lakes, John Moir, chifukwa ankavala magalasi, ndipo nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, idatengera pomwepo. Amene akunena anesiwa ndi mawu a chinenero chakale cha ku India chotchedwa Sanskrit, kutanthauza chozungulira. Ahindu ndi Abuda amajambula zimenezi pa mapemphero awo.

Mayi Nabanda, 11:14 usiku
Apo ndiye ine ndiima kaye. Ndine wa Chigwirizano, sindingaike m'nyumba mwanga chithunzi cha chipembedzo china osadziwa tanthauzo lake. Sindikunyoza aliyense, koma mtima wanga sungapume pa chinthu chimene ndikuchikayikira.

Anesi Nachisale, 11:19 usiku
Musadzikakamize mayi. Mwamva kuti ngakhale mizere ya sikochi idagwira ntchito chimodzimodzi. Mphamvu sili m'chithunzicho, ili m'manja ndi m'maso. Wodwala wafika, tionana mawa.

LACHITATU

Agogo Naphiri, 6:35 m'mawa (akulemba mdzukulu)
Agogo akuti ndilembe chonchi. Mwana wanga Nagama, mayi a Tadala, ndamva zonse. Zimene mukuti zachokera kwa azunguzi ife tinkachita kale, kungoti tidalibe pepala. Tikakolola, mitsinje itaphwa, tinkapita kudambo kukakumba mtsiro wakuda, kuchulu dothi lofiira, kwina loyera. Uzira nyumba kaye, kenaka ndi kansanza kapena chala ulemba khoma: mizere, timadontho, masamba, nkhanga. Palibe ankatilipira. Ukagwada pamenepo kuyambira m'mawa, ukuzira mozungulira ndi chikhatho, pofika masana zimene zimakuwawa mumtima zaphwa. Amuna anga atamwalira, titameta, apongozi anga adandipatsa mtedza dengu lathunthu, akuti swa. Ndidaswa masiku atatu iwo ali pambali panga, osalankhula. Adadziwa kuti manja akakhala chabe, mutu umadya mwini wake. Ndiye chekeniyo musachite naye manyazi. Koma chimodzi ndikufunseni: bwanji mukuchita nokha usiku? Ife tinkazira tili awiri atatu.

Mayi a Tadala, 6:50 m'mawa
Agogo mwandiliza. Mayi anga ankazira khonde Loweruka lililonse ngakhale miyendo itayamba kuvuta. Ndimachita ndekha chifukwa usiku ndi pamene zimandigwira, ndipo sindifuna kudzutsa ana.

Bambo Mwale a ku Chulu, 7:15 m'mawa
Agogo, zakuzira ndi kuswa mtedza ndazimva, chifukwa pamapeto pake nyumba yakongola, mtedza wasweka. Nanenso ndikamasoka fodya m'chigafa mtima umakhala m'malo. Koma pepala likatha mupanga nalo chiyani?

Mayi a Tadala, 7:21 m'mawa
Ndi chifukwa chake limandipumitsa, bambo. Kusoka ndi ntchito yanga, ndikalakwitsa ndilipira nsalu ya mwini. Mwezi uno aliyense akufuna chovala cha mayi ake pofika pa 15, tsiku la anakubala, ndipo chitenje chilichonse chimene ndikudula ndi cha mayi wa munthu wina. Papepala palibe kasitomala, palibe tsiku lobweza. Duwa likhale lobiriwira kapena lakuda, palibe andifunse.

Aphunzitsi Kamanga, 12:40 masana
Ndatuluka m'kalasi, ndibwerere ku pempho lija la mawu a Chichewa, chifukwa ndi pamene pali nkhani. Chikondi wanditumizira mapepala atatu ndawaona. Lina ukalimasulira likuti "ndine wokwanira". Wokwanira chiyani? M'Chichewa timati ufa wakwanira, ndalama zakwanira. Lina likuti "ndine wodabwitsa", lina "ndiyenera kulandira zabwino zonse". Munthu wa kuno akanena zimenezi pamaso pa anzake timati wayamba matama. Tidaleredwa kuti ng'oma yako suimba wekha, akuyamikire ndi ena. Ndiye mawu otere ukawawerenga uli pachisoni, mtima umawakana ngati nsima yosapsa.

Chikondi, 12:52 masana
Aphunzitsi, zimenezo tidaphunzirako. Mu 2009 Joanne Wood ndi anzake pa yunivesite ya Waterloo ku Canada adauza anthu kuti azibwereza mawu oti ndine munthu wokondeka. Amene ankadzikhulupirira kale adamvako bwino pang'ono. Koma amene ankadziona ngati achabechabe adamva kuwawa kuposa poyamba. Mawuwo adali kutali kwambiri ndi zimene amakhulupirira, ndiye mtima umayamba kutsutsa, n'kukumbutsa munthu zifukwa zonse zimene akuganiza kuti sali wokondeka. Pepani azakhali, sindidaganize zimenezi pokupatsani.

Mayi a Tadala, 1:03 masana
Usadandaule mwana wanga, wandithandiza. Koma n'zoona. Pepala lina lidalembedwa kuti lero ndasankha chimwemwe. Ndidalitembenuza chadodolido. Ndisankha bwanji chimwemwe manda asanamere n'udzu womwe?

Aphunzitsi Kamanga, 1:20 masana
Ndiye lamulo likhale ili: mawu akhale oona, oti munthu angawanene osanama ngakhale tsiku loipitsitsa. Ndiyambe ndi awa, mukonze. "Ndidachita zimene ndikadatha." "Lero lokha, zamawa n'zamawa." "Kulira si kufooka." Ndipo tili ndi mwayi, m'Chichewa mawu oti kupuma ali pawiri, kukoka mpweya ndi kutula ntchito. Ukalemba "Puma" pakati pa duwa wanena zonse ziwiri. Miyambi nayonso ilipo, pang'onopang'ono ndi mtolo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Makolo adatisiyira kale mawu olimbikitsa, ndipo tikuwaona tsiku lililonse kumbuyo kwa maminibasi ndi pa njinga za kabaza pa depoti.

Mayi Nabanda, 1:34 masana
Ine ndikufuna mavesi. Yesaya 41 ndime 10 ndi Masalimo 23 zandinyamula m'zambiri. Koma aphunzitsi, mawu oti "ndidachita zimene ndikadatha" ndikuwakayika. Nanga ngati munthu sadachitedi? Si kudzinamiza kumeneko?

Mayi a Tadala, 1:41 masana
Mayi Nabanda, funso limenelo ndi limene limandidzutsa 1 koloko.

Mayi Nabanda, 1:44 masana
Pepani mayi, sindimanena inu. Ndalankhula mosaganiza.

Anesi Nachisale, 2:15 masana
Ndadzuka kumene. Mayi a Tadala, ndimvereni. Pafupifupi aliyense amene ndidamuonapo atataya kholo amadzifunsa funso limeneli, ngakhale amene adagona pansi m'wodi miyezi iwiri. Lero mukudziweruza ndi nzeru zimene mudazipeza maliro atachitika. Loweruka lija simudadziwe zimene mukudziwa lero. Mwina mawu oona kwambiri ndi akuti "Ndidachita monga ndidadziwira pa nthawiyo." Amenewo mayi Nabanda sangawatsutse, ndipo mtima wanu sungawatsutse.

Ndiwonjezere ichi kwa tonse. Chisoni cha maliro si matenda, chimayenda ndi nthawi yake. Koma ngati kwa milungu iwiri kapena kuposera munthu ali wokhumudwa tsiku lonse, zimene ankakonda sizikumukomeranso, chakudya sichikulowa, tulo palibe kapena akungogona, akudziona ngati katundu kwa anzake, makamaka akayamba kuganiza kuti bola kufa, pamenepo chekeni sakwanira. Apite kuchipatala. Matenda a maganizo amachizika, ndipo si misala yokha monga anthu amaganizira akamva za Zomba Mental Hospital. Pa chipatala cha boma mukhoza kufunsa wa zamaganizo, ndipo a chipatala cha Saint John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komwe. Pa 10 mwezi uno dziko lonse limakumbukira za umoyo wa maganizo, muzimva pa wailesi.

Yamikani wamasayini, 4:05 madzulo
Akuluakulu, ine ndimangowerenga koma apa ndingathandize. Ntchito yanga ndi kulemba masayini a magolosale ndi masaluni. M'malo motaya bandulo pa zithunzi za maluwa amene sitinawaonepo, ndijambule ndi cholembera chakuda zinthu zathu: nkhokwe, lichero, tsamba la fodya, mpendadzuwa, maluko a mphasa, phiri la Kasungu, njovu za kupaki. Pepala limodzi ndilo likhale mbewu, ena tizingopanga fotokope. Ngakhale fotokope idakwera chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi yotchipabe kuposa kuprinta.

Bambo Mwale a ku Chulu, 4:30 madzulo
Njovu musandijambulire, achimwene. Chibweretsere njovu 263 kupaki kuno kuchokera ku Liwonde mu 2022, ife a m'mphepete mwa paki njovu tikaiona timaganiza za chimanga chathu. Mtima sungapume pamenepo.

Yamikani wamasayini, 4:33 madzulo
Ndamva bambo, ndachotsa. Ndiika nkhanga za agogo.

Mayi a Tadala, 4:50 madzulo
Achimwene a Yamikani, mizere isakhale yothinana kwambiri. Pa mapepala a Chikondi pali lina timabokosi take ting'onoting'ono, ndi katochi maso amawawa, ndipo chekeni wonenepa salowa. Lidandikwiyitsa m'malo mondipumitsa. Mapensulo amitundu amachita bwino koma amathyoka posongola.

LACHINAYI

Bambo a Limbani, 1:17 usiku
Ndawerenga zonse kuyambira Lachiwiri. Sindidziwa ngati ndikuchita bwino kulemba pano chifukwa ndinu omwe ndili nanu ngongole. Njinga yamoto idawonongeka mu Ogasiti, ndidakongola kwina kuti ndikonze, kumenekonso chiwongoladzanja chakwera, ndipo pano mwezi wachiwiri sindinabweze. Misonkhano iwiri ndathawa dala. Akazi anga sakudziwa kuchuluka kwake. Zimene alemba anesi zija, zonse ndi ine. Masiku ano ndimaganiza kuti ana anga angakhale bwino ine kulibe. Usiku uno ndatenga kope la Limbani ndi chekeni wake, ndadzaza tsamba lonse ndi mizere kuti manja asachite china. Pepani.

Mayi a Tadala, 1:19 usiku
Bambo a Limbani, ndili maso. Musazimitse foni. Ndikuimbirani pompano.

Anesi Nachisale, 1:24 usiku
Achimwene, mwachita bwino kwambiri kulemba. Mayi a Tadala akamaliza ndiimba ine. Dzutsani mayi a Limbani tsopano lino, musakhale nokha mpaka kucha. Chilichonse m'nyumbamo chimene mukuganiza kuti mungadzipweteke nacho, apatseni iwo akasungitse kwa aneba. Ndikuweruka 7 koloko, ndidzakudikirani pa geti tikaonane ndi wa zamaganizo limodzi. Maganizo amene akukuuzani kuti ana angakhale bwino popanda inu ndi chizindikiro cha matenda, si choonadi.

Mlembi wa gulu, 5:02 m'mawa
Ndadzuka n'kupeza izi, thupi langa lazizira. Bambo a Limbani, ndikulankhula monga mlembi ndipo apampando ndawaimbira. Palibe amene abwere kudzanyamula katundu kwanu. Loweruka tikhala pansi tione kabwezedwe kamene mungakwanitse. Ndalama zimabwera, munthu sabwera. Ndipo ndikupempha tonse, zimene zalembedwa pano zithere pano. Wojambula uthengawu n'kutumiza kwina ndimuchotsa pa gulu.

Bambo Mwale a ku Chulu, 5:20 m'mawa
Nazale athirire ana lero, ine ndanyamuka. Achimwene, ndikupezani kunyumba kapena kuchipatala, kulikonse. Chaka china fodya wanga adabwerera ku okushoni kawiri, ndidakhala pansi pa mtengo kuseri kwa chigafa tsiku lathunthu ndi maganizo omwewo, ndipo sindidauzepo munthu mpaka lero. Amuna tidaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndipo taika anzathu ambiri chifukwa cha mawu amenewo. Njingayo tikaione limodzi, ndili ndi mlamu wanga makanika.

Mayi Nabanda, 5:41 m'mawa
Ndikupita kwa mayi a Limbani ndi phala la ana. Nawonso afunika munthu.

Anesi Nachisale, 11:30 m'mawa
Andilola kuti ndikuuzeni. Taonana ndi adokotala, acheza nawo nthawi yaitali, apatsidwa tsiku lobwereranso sabata yamawa. Ali ndi akazi awo ndi bambo Mwale. Chonde musawaunjikire mafoni ndi mafunso, koma musawasiyenso. Masabata akubwerawa ndi ofunika. Tigawane masiku, wina azidutsako tsiku lililonse, ngakhale kungokhala pakhonde.

Bambo Mwale a ku Chulu, 2:10 masana
Ndabwerako. Ndinenebe kuti chimene chikudwalitsa mnzathuyu ndi ngongole, ndipo tikapanda kukonza imeneyo mapepala onse a Yamikani sathandiza. Pamenepo sindisintha. Koma kope lija ndaliona ndi maso anga. Tsamba lonse mizere yofiira ndi yabuluu, wakanikiza mpaka pepala kubooka. Kuyambira 11 koloko mpaka 1 koloko manja ake adali pamenepo. Sindidzanenanso kuti n'za ana.

Aphunzitsi Kamanga, 3:00 masana
Ndipo adalemba pano chifukwa mayi a Tadala adayamba kuulula zawo. Ku Zimbabwe dokotala wina wa zamaganizo, Dixon Chibanda, adayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Harare. Adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri komwe anesi amanena kuja. Funso la agogo Naphiri lija likundibwererabe, loti bwanji mukuchita nokha. Mawu oyamba amene ndidapereka dzulo akuyamba ndi ine. Mwina ena ayambe ndi ife. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Chikondi, 3:12 masana
Koma aphunzitsi, 1 koloko usiku munthu amakhala yekha ndithu, gulu lili mtulo. Mawu a "ine" asachoke onse. Pakhale lina loti "Sindili ndekha", lili ndi zonse ziwiri.

Agogo Naphiri, 5:45 madzulo (akulemba mdzukulu)
Agogo akuti Loweruka mukamaliza kuwerenga ndalama musabalalike. Abweretsa mphasa ziwiri ndi mtedza wosaswa. Amene safuna pepala aswe mtedza, amene safuna kulankhula asalankhule.

LACHISANU

Yamikani wamasayini, 10:15 m'mawa
Ndamaliza asanu. Lichero lili ndi "Puma". Nkhanga zili ndi "Sindili ndekha". Nkhokwe ili ndi "Pang'onopang'ono ndi mtolo". Mpendadzuwa ndaika Yesaya 41:10 wa mayi Nabanda. Phiri la Kasungu ndalisiya lopanda mawu, pansi pake pali mpata woti aliyense alembe ake. Zilembo ndazipanga zamphako kuti nazonso muzichekenira mkati.

Mayi Nabanda, 10:31 m'mawa
Mulungu akudalitseni. Koma pa nkhokwe paja ine ndikadakonda vesi linanso, miyambi tiisiye kusukulu.

Aphunzitsi Kamanga, 10:40 m'mawa
Mayi, pa gulu pano tili a mipingo yosiyana, ndipo mayi a Shakira ndi Asilamu. Mwambi ndi wa tonse. Vesi lakhala kale pa mpendadzuwa.

Mayi a Shakira, 10:52 m'mawa
Zikomo aphunzitsi pondikumbukira. Ine nditenga la phiri lija, ndilembapo ndekha mawu anga. Ndibweretsanso mapensulo amitundu mabokosi awiri a m'golosale mwanga, gulu lisalipire.

Mlembi wa gulu, 11:05 m'mawa
Ndalama ya fotokope isachoke m'thumba la zadzidzidzi, limenelo tilifuna pa nkhani ya mawa. Amene angathe aponye kangachepe kwa ine pa Airtel Money kapena Mpamba lisanalowe dzuwa. Msonkhano 2 koloko malo omwe aja. Masiku oyendera kwa bambo a Limbani: lero mayi Nabanda, mawa tonse, Lamulungu aphunzitsi, Lolemba bambo Mwale. Lachiwiri ndi Lachitatu palibe munthu, adzipereke wina.

Mayi a Shakira, 11:09 m'mawa
Lachiwiri ndilembeni ine ndi bambo a Shakira.

Bambo a Limbani, 6:48 madzulo
Ndadya nsima lero. Mawa ndibwera. Achimwene a Yamikani, mundisungire la nkhanga.

Mayi a Tadala, 9:30 usiku
Lachitatu ndi langa, mlembi. Achimwene a Yamikani, ndili ndi pempho lina, musafulumire nalo, bola lifike pa 15 pasanakwane. Chaka chatha pa tsiku la anakubala ndidawagulira mayi anga chitenje cha masamba akuluakulu ndi timbalame. Adachivala kawiri kokha, chili m'sutukesi, sindinayambe ndachitulutsa chichokere ku Santhe. Mawa ndibwera nacho. Mundijambulire masamba ake ndi timbalameto papepala, mawu akhale aja adakonza anesi, "Ndidachita monga ndidadziwira pa nthawiyo." Ndipo mayi a Shakira, ngati m'bokosimo muli wobiriwira mundipatulire, wa Tadala watha mpaka kachidutswa kosagwirika.